Mbewu yopirira matenda ili ndi malire ake

Mbewu ya tomato imene lero ikutsatsidwa kuti ndi yopirira matenda ikhoza kudzagonja m'zaka zochepa. Mbiri ya jini yotchedwa Pto ikusonyeza chifukwa chake.

Bakiteriya wa Pseudomonas syringae, amene amayambitsa timadontho takuda pa masamba ndi zipatso za tomato, amalowetsa mapuloteni ake m'maselo a chomera kuti afooketse chitetezo chake. Jini ya Pto, yochokera ku tomato wam'tchire wa ku South America, imathandiza chomera kuzindikira awiri mwa mapuloteniwo, AvrPto ndi AvrPtoB. Chikawazindikira, maselo a pamalopo amafa msanga, ndipo bakiteriya amasowa pofalikira. Gregory Martin ndi anzake a ku Cornell University adaipatula jiniyi mu 1993.

Koma mitundu ina ya bakiteriyayu idataya kapena kusintha mapuloteni aja, motero Pto idaleka kuizindikira. Ofufuza adabwereranso ku tomato wam'tchire, napeza jini ina, Ptr1, imene imatulukira puloteni ya AvrRpt2.

Chitetezo chodalira jini imodzi chimatha pamene mdani wasintha chizindikiro chimodzi. N'chifukwa chake akatswiri akuyesa kuphatikiza majini angapo m'mbewu imodzi, ndipo amaumirira kuti zomera zam'tchire zisungidwe.

Kwa alimi a tomato a ku Ntcheu ndi Dedza, mbewu yopirira ndi gawo chabe la chitetezo. Kasinthasintha wa mbewu, kuzula zomera zodwala ndi kugula njere zodalirika ndi zimene zimatalikitsa moyo wa majiniwo.