Kalaliki wa dayimondi amene ndalama zake zinafika ku Kabwe

Sabata ino sindikambako za oimba, kapena za ndani wasiyana na ndani. Mundikhululukile. Nifuna tikambe za munthu amene anamwalila ambuye anu akali achichepele, koma ngati munakulila ku Kasanda, Chowa kapena Makululu, nkhani yake ili pakhomo panu penipeni. Dzina lake ni Ernest Oppenheimer.

Anabadwa mu 1880 ku Friedberg, m'dziko la Germany, m'banja la Chiyuda. Atate ake anali ogulitsa fodya. Asanakwanitse zaka 18 anapita ku London kukagwila ukalaliki pa kampani ya dayimondi ya Dunkelsbuhler. Kumeneko anaphunzila chinthu chimodzi bwinobwino: kuyang'ana mwala na kudziwa mtengo wake. Mu 1902 mabwana anamutuma ku Kimberley, ku South Africa, kuti azikawagulila miyala. Chaka chomwecho mzungu wina, T. G. Davey, anapeza mtovu na zinki kuno kwathu, malowa n'kuwapatsa dzina lakuti Broken Hill.

Ku Kimberley zinamuyendela mpaka anakhala meya mu 1912. Koma mu 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali a Germany atamiza chombo cha Lusitania, anthu anakumbukila kumene meya wawo anabadwila. Anamugendela nyumba, iye n'kuchoka m'tauni. Amene muli na abale ku Johannesburg mudziwa kale mmene mlendo amasandukila mdani usiku umodzi chabe.

Anabwelela, ndipo mu 1917 anayambitsa Anglo American na mapaundi 1 miliyoni. Zina mwa ndalamazo zinachokela ku America, kuphatikizapo ku banki ya J. P. Morgan, ndiye chifukwa cha dzinalo. Pofika 1929 anali mkulu wa De Beers. Ndipo mu 1955, patatsala zaka ziwili kuti amwalile, kampani yake inatsegula Union Acceptances. Iyi sinali banki yoimilila pa mzele kumapeto kwa mwezi ayi. Makasitomala ake anali makampani akuluakulu: kuwapezela ngongole na anthu oikamo ndalama, kuti asamangodalila ku London nthawi zonse. Pambuyo pake inalowa m'gulu la Nedbank.

Manje apa ndiye pamene nifuna muyang'anitsitse. Munthu uyu chuma chake sichinachokele pa pikisi na fosholo. Iye anali kuika mtengo pa zimene ena akumba, kenako anayamba kupeleka ndalama zokumbila. Pitani ku Black Mountain muone anyamata atasanduka phulusa thupi lonse, akunyamula masaka tsiku lathunthu. Ndiye muone uyo ali na sikelo na ndalama m'thumba. Ndani agona bwino? Ine sinikuuzani kuti muleke kuhasula, pakuti nsima siibwela yokha. Nikungoti pa bizinesi iliyonse imene muchita, kaya ni salaula, makala kapena mafoni, dzifunseni kuti amene akuika mtengo ni ndani, ndipo adziwa chiyani chimene imwe simudziwa.

Koma nkhaniyi siyokoma yonse. Anglo inali na dzanja pa mgodi wa Broken Hill kuyambila 1925 kufika 1974. Mgodi unapitiliza m'manja mwa boma mpaka unatsekedwa mu 1994, pansi pa ZCCM. Nchito zinatha, mtovu, uja timangoti lead, unatsala m'dothi na m'fumbi. Umalowa m'magazi, makamaka mwa ana ang'ono na amayi apakati, ndipo umawononga ubongo mwakachetechete. Mwana amene aphunzitsi akuti samva m'kalasi, nthawi zina vuto limayambila pa bwalo pamene amasewela.

Mu October 2020 maloya anakasuma kampani ya Anglo ya ku South Africa ku khoti ya ku Johannesburg, m'malo mwa ana na amayi a ku Kabwe pafupifupi 140,000. Anglo ikukana mlandu, ati sinali mwini mgodi, inali chabe na magawo ochepa komanso kupeleka uphungu. Mu December 2023 khoti inakana kuti mlanduwo uzengedwe monga wa gulu, maloya n'kuchita apilo. Za ndani alipile, aweluze ni makhoti. Imwe kunyumba, wazani madzi musanasese, sambitsani ana m'manja asanadye, ndipo funsani ku kiliniki za kupimitsa magazi.

Ndipo chonde, musayambe zija zokamba pa bawa, ati "Ayuda ni ndalama". Oppenheimer yemwe analowa mpingo wa Anglican atakula. A Simon Zukas nawo anali Myuda wobwela, ochokela ku Lithuania, ndipo atsamunda anawapitikitsa m'dziko muno mu 1952 chifukwa cholimbana na Federation pamodzi na anthu akuda.

Banja la Oppenheimer likali bwino. Mu 2012 mdzukulu wake Nicky na banja lawo anagulitsa magawo awo a De Beers kwa Anglo pa madola opitilila 5 biliyoni. Kuno August akafika, mphepo ikali kunyamula fumbi la ku mgodi kulipeleka m'makomboni.