Diso likafiira: mankhwala a ku famase ndi malire ake

Mavuto ambiri a maso omwe amapititsa anthu ku famase ndi ang'onoang'ono: kufiira, kuyabwa, manthongo, kuuma ndi kachithupsa ka pachikope. Ambiri amatha okha pakadutsa masiku, ndipo mankhwala ogula popanda kalata ya dokotala amangochepetsa kusautsa kwake pamene thupi likudzichiritsa. Chovuta n'chakuti matenda osiyana amafiiritsa diso mofanana. Wogula amangoti “ndipatseni mankhwala a maso”, ngati kuti ndi amtundu umodzi, pomwe botolo lothandiza diso loyabwa silichita kanthu pa diso la manthongo, ndipo lina likhoza kuwonongeratu diso lomwe likanachira lokha.

Lofala kwambiri ndi kutupa kwa kachikopa kopyapyala komwe kamakuta mbali yoyera ya diso ndi mkati mwa zikope. Kamatupa pa zifukwa zitatu: mavairasi, mabakiteriya, kapena thupi kudana ndi zinthu monga fumbi ndi mungu. Likakhala la vairasi, diso limangotuluka misozi yamadzimadzi, limamveka ngati muli mchenga, ndipo kawirikawiri limayamba limodzi, linzake n'kutsatira. Nthawi zina limadza pamodzi ndi chimfine. Umu ndi mmene unalili mliri wa maso ofiira umene unamveka ku Karonga kumayambiriro kwa 2024 n'kufalikira m'maboma ena. Pa vuto la mtundu uwu, mankhwala opha mabakiteriya sathandiza, chifukwa vairasi sawamva. Limatha lokha pakati pa sabata imodzi ndi itatu. Chothandiza ndi kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira n'kuika pa zikope, mankhwala odonthezera onyowetsa diso, komanso kusamba m'manja pafupipafupi. Thaulo, chitenje chopukutira kumaso ndi pilo siziyenera kubwerekanidwa, pakuti ndi m'menemo matendawa amadutsira kuchoka kwa mwana kupita kwa banja lonse. Kuyang'anizana ndi wodwala sikupatsira, ngakhale mphekesera imeneyi imabwerera mliri ukangobuka.

La mabakiteriya limadziwika ndi manthongo achikasu, olimba, omata zikope m'mawa. Poyamba pamafunika kutsuka: madzi owiritsa n'kuwaziziritsa, thonje kapena kansalu koyera, kupukuta kuchokera cha kumphuno kupita kunja, diso lililonse ndi kansalu kake. Ambiri amachira ndi zimenezi pasanathe sabata. Manthongo akakhala ochuluka, wa ku famase angapereke chloramphenicol wodonthezera wa 0.5% kapena tetracycline wopaka wa 1%, yemwe anthu ambiri amamudziwa chifukwa ndi amene amapakidwa m'maso mwa ana akangobadwa. Mankhwalawa amathiridwa masiku onse amene wodwala wauzidwa, nthawi zambiri asanu, ngakhale diso litayera tsiku lachiwiri. Likapanda kusintha pakatha masiku awiri, kapena likamakulirakulira, nkhani yachoka m'manja mwa famase.

Kuyabwa ndiko kumasiyanitsa mtundu wachitatu. Maso onse awiri amayabwa, amatuluka misozi, mwini wake n'kumayetsemula, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala pamene fumbi ndi utsi wa moto wa tchire zili paliponse. Pano pamathandiza kusukusula ndi madzi ozizira, mapiritsi monga cetirizine kapena loratadine, ndi mankhwala odonthezera a sodium cromoglicate, omwe amathiridwa kanayi pa tsiku ndipo mphamvu yake imayamba kuoneka patapita masiku angapo. Ambiri amawasiya msanga poganiza kuti ndi achabe. Chlorphenamine, yemwe amadziwika kuti Piriton, amachepetsanso kuyabwa koma amagonetsa, choncho sayenera woyendetsa galimoto kapena kabaza. Kutikita diso kumakoma kwa kanthawi koma kumawonjezera kuyabwako. Pali ana ena omwe maso awo amayabwa chaka ndi chaka mpaka mbali yoyera ija kusanduka yofiirira ngati dothi; amenewa amafunika kuonedwa ndi wa maso kuchipatala, chifukwa vuto lawo likhoza kufika pa galasi la diso, kachikopa koonekera komwe kamakuta mbali yakuda ya diso.

Kuuma kwa maso kumasokoneza anthu chifukwa diso louma nthawi zambiri limatuluka misozi yambiri. Misozi yabwino ili ndi mafuta pang'ono pamwamba pake omwe amailetsa kuuma msanga. Mafutawo akachepa, diso limanyerenyetsa, ndipo thupi limatulutsa misozi yamadzi okhaokha yomwe imangoyenderera m'masaya. Zimachitika kwa achikulire, kwa ophika pa nkhuni m'khitchini yopanda mazenera, ndi kwa okhalitsa pa foni kapena kompyuta, pakuti munthu akatcheretsa maso pa sikirini amaphethira mwa apo ndi apo. Mankhwala ake ndi misozi yochita kupanga, monga hypromellose wamadzi kapena carbomer wolimbirako. Awa ndi ena mwa mankhwala a maso osaopsa kwenikweni, ndipo angathiridwe kangapo pa tsiku. Wa pa kompyuta amapindulanso akamachotsa maso pa sikirini mphindi 20 zilizonse n'kuyang'ana chinthu chakutali, cha pa mamita 6, kwa masekondi 20.

Kachithupsa ka m'mphepete mwa chikope sikafuna zambiri: kansalu koviika m'madzi ofunda, kuthowa mphindi 5 mpaka 10 katatu kapena kanayi pa tsiku, mpaka kataphulika kokha. Kufinya kapena kuboola ndi singano kumangofalitsa mafinya. Nalo dontho la magazi lomwe limaoneka mwadzidzidzi pa mbali yoyera, munthu atatsokomola kwambiri kapena kunyamula katundu wolemera, limaopsa poliona koma limazimiririka lokha m'masabata awiri. Likamabwerezabwereza ndi bwino kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Kachitsotso kamachotsedwa pothira madzi oyera ambiri, osati ndi kamtengo ka machesi kapena nsonga ya mpango.

Pali mabotolo awiri ofunika kuwaopa. Loyamba ndi la mankhwala oyeretsa maso, okhala ndi naphazoline kapena tetryzoline. Amafinya timitsempha ta magazi, diso n'kuyera m'mphindi zochepa, koma sachiza chilichonse, ndipo akagwiritsidwa ntchito masiku ambiri diso limafiira kuposa kale akangosiyidwa. Lachiwiri ndi loopsa koposa: mankhwala okhala ndi dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone, nthawi zina osakanizidwa ndi opha mabakiteriya. Amaziziritsa diso mofulumira kotero kuti wowagwiritsa ntchito amawayamikira kwa anzake, botolo n'kumayenda nyumba ndi nyumba. Koma ngati pagalasi la diso pali kachilonda koyamba ndi vairasi kapena nkhungu, mankhwalawa amakakulitsa mpaka diso kuboola. Akathiridwa kwa masabata ambiri amakweza mphamvu ya madzi a m'diso, zomwe zimapha mtsempha woonera mwakachetechete, komanso amabweretsa ng'ala. Mtsempha umenewo ukafa subwerera. Mankhwala otere ndi oti alembe dokotala amene waliyeza disolo, ndipo wogulitsa amene amawapereka kwa aliyense wodandaula kufiira akulakwira anthu. Ku Malawi ogulitsa mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Botolo la pa benchi ya mumsika, lomwe lakhala padzuwa tsiku lonse, palibe amene angalichitire umboni.

Za m'nyumba nazo zawononga maso ambiri: mkodzo, mkaka wa m'mawere, madzi a mchere wosayeza, shuga, madzi ofinya ku masamba. Kafukufuku amene anachitika m'madera akumidzi m'Malawi m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti mwa odwala galasi la diso, pafupifupi mmodzi mwa atatu anali atathirapo mankhwala achikuda. Mkodzo ukhoza kunyamula tizilombo ta chinzonono, tomwe timatha kuboola diso m'masiku ochepa.

Kathiridwe kake nako n'kofunika. Manja akhale osamba, mutu upendekere kumbuyo, chikope cham'munsi chikokedwe pang'ono, dontho limodzi ligwere m'kathumba kamene kapangika, nsonga ya botolo isakhudze diso. Dontho lachiwiri limangotayika, chifukwa diso silisunga madzi oposa dontho limodzi. Kenako diso litsinzinidwe, chala chikanikize pakona ya kumphuno kwa mphindi imodzi. Mitundu ikakhala iwiri, pakati pake padutse mphindi 5, ndipo wopaka akhale womaliza popeza amachititsa chimbuuzi kwa kanthawi. Botolo likatsegulidwa litayidwe pakatha masiku 28 ngakhale muli otsala, ndipo likhale la munthu mmodzi. Chloramphenicol wodonthezera amasungidwa mufiriji. Kopanda firiji, wopaka ndiye woyenera.

Malire a famase amafika pamene pali chimodzi mwa izi: ululu weniweni osati kunyerenyetsa chabe, kusaona bwino komwe sikutha munthu akaphethira, kulephera kuyang'ana kuwala, kadontho koyera pa mbali yakuda ya diso, kapena diso lofiira limodzi ndi mutu waukulu ndi kusanza. Chimodzimodzi diso lolasidwa ndi phesi la chimanga, kamtengo kapena kachitsulo kothetheka pogaya zitsulo, ndiponso diso lofiira la munthu wovala magalasi omata pa diso. Khanda losakwana mwezi likatupa zikope n'kumatuluka mafinya lipite kuchipatala tsiku lomwelo, monganso mwana wodwala chikuku amene maso ake ayamba kuvuta. Laimu, simenti, asidi wa batire kapena malovu a njoka zikalowa m'diso, choyamba ndi kutsuka ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20 pomwepo, ulendo wa kuchipatala pambuyo. Zipatala za maboma zili ndi ogwira ntchito ophunzira za maso, ndipo matenda ovuta amatumizidwa ku zipatala za maso monga Lions Sight First ku Blantyre ndi cha ku Nkhoma. Vuto lililonse la maso lomwe latha sabata likuthiridwa mankhwala ogula koma osasintha liyenera kukaonedwa kumeneko.