Ndende Siilera Mwana

Pa msika wa Zóbuè, pafupi ndi malire a Mwanza, mnyamata akagwidwa akuba, anthu amathamanga ndi ndodo. Ku Moatize, mwana akaba nkhuku kapena foni, ambiri amakuwa kuti: "Mutsekereni!" Ife aphunzitsi a akulu tikukana. Ndodo ndi ndende sizikonza mwana. Zimangomuumitsa mtima.

Lamulo la Moçambique limati mwana wosafika zaka 16 asaweruzidwe ngati munthu wamkulu. Ciyambire 1992 tilinso ndi makhoti a m'midzi, amene nchito yao ndi kuyanjanitsa anthu pa milandu yaing'ono. Nanga ife tikhalirenji ouma mtima kuposa lamulo?

Ena amati kubwezera mwana kwa makolo ndi kumulekerera. Tiyeni tione zimene zinacitika.

Pa nthawi ya nkhondo, imene inatha mu 1992, ana ambiri anagwidwa ndi kukakamizidwa kunyamula mfuti. Mu 1988 ena a iwo anasungidwa pa Lhanguene, ku Maputo, ndipo pambuyo pace anabwezedwa kwa abale ao. Ofufuza anatsata anyamata 39 kwa zaka 16. Anapeza kuti ambiri anakula nakhala anthu a nchito, amuna a mabanja ndi atate osamala ana. Zowawa za nkhondo sizinacoke m'mitima mwao. Koma cimene cinawathandiza ndi ici: abale anawalandira, akulu anawatsuka mwa mwambo, mudzi unawavomera, ndipo ena anaphunzira nchito za manja.

Ngati mwana amene anagwira mfuti anabwerera kukhala munthu, nanga mwana wakuba nkhuku?

Ku Missouri, m'dziko la America, anayesa njira ziwiri pa acinyamata 176 olakwira lamulo. Ena ankalangizidwa paokha. Ena mlangizi ankawatsata kunyumba, nakhala pansi ndi makolo, nafunsa za sukulu ndi za anzao oyenda nao. Patapita zaka pafupifupi 22, mwa olangizidwa paokha, 55 pa 100 alionse anali atagwidwanso pa milandu yaikulu. Mwa othandizidwa pamodzi ndi banja anali 35 pa 100. Mankhwala a pabanja amakhalitsa.

Wina anganene kuti: "Banja lomwelo ndilo linamuononga." Nthawi zina ndi zoona. Pali nyumba zimene bambo amamwera kacasu ndalama za ufa. Pali nyumba zimene mwana samva mau, amangomva ndodo. Ndico cifukwa cace sitikunena za kubweza mwana ndi kutseka citseko. Tikunena za kukonza nyumba yonse. Milandu yoopsa, monga kupha ndi kugwirira, ipite ku khoti. Koma yambiri siili yotere.

Tsono amai ndi abambo, mwana akalakwa ticite izi. Tiitane makolo, amalume ndi amfumu. Wobedwayo alankhule, mwana amve. Mwana abweze cimene anaba, kapena alipire ndi nchito. Abwerere ku sukulu, kapena aphunzire ukalipentala, ulimi kapena kukonza njinga. Munthu mmodzi wamkulu asankhidwe kuyendera nyumbayo sabata iliyonse, osati tsiku limodzi lokha.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene timumenya lero pa msika adzakhala nafe m'mudzi muno mawa.

Tikambirane:
1. M'mudzi mwanu, mwana akaba mumacita ciani?
2. Ndani angayendere nyumba ya mwana wolakwa?