Dzimbiri pa Mabuleki: Lina n'Losaopsa, Lina n'Chenjezo

M'nyengo ya dzinja eni galimoto ambiri amadzidzimuka akasuzumira m'mateyala kum'mawa. Chitsulo chozungulira chimene mabuleki amagwira, chomwe amakaniko amati disiki, amachipeza chitafiira ndi dzimbiri pomwe dzulo lake chinali chonyezimira. Musafulumire kutaya ndalama kugalaja.

Disiki amaipanga ndi chitsulo cha cast iron, ndipo pomwe mapadi amagwira sapakapo penti. Ikanyowa ndi mvula, mame kapena madzi otsukira galimoto, dzimbiri limayamba m'maola ochepa chabe. Kwa ife a kunyanja, monga ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, chinyezi cha mumpweya chimafulumizitsa zimenezi.

Dzimbiri lotere ndi lapamwamba chabe. Nyamukani pang'onopang'ono, ndipo pamsewu wopanda anthu pondani buleki mofatsa kangapo. Poyamba mumva kukwecha, koma mapadi akapala dzimbirilo phokoso limatha ndipo disiki imawalanso.

Loopsa ndi dzimbiri lokana kuchoka. Galimoto ikaima miyezi, dzimbiri limadya chitsulo nkusiya timaenje. Mukayenda ulendo, yang'ananinso madisiki. Ngati imodzi ikadali yofiira pomwe inzake yawala, kawirikawiri ndiye kuti mapadi a mbali imeneyo sakugwira bwino. Buleki ikamanjenjemera kuphazi, kapena galimoto ikamakokera mbali imodzi poima, pitani kwa makaniko musananyamule banja. Safunsa anadya phula. Apempheni ayeze disiki, pakuti madisiki ambiri amalembedwa mamilimita ochepetsetsa amene chitsulo chingaperepeseke kufikapo. Mapadi akatsala mamilimita 3, sinthani.

Chonde musathire oyilo kapena girizi pa disiki pofuna kuthamangitsa dzimbiri. Mafuta amalowerera m'mapadi, ndipo galimoto siiima pomwe mukufuna. Taganizirani mwana akudumpha msewu pamsika!

Mukatsuka galimoto, iyendetseni pang'ono mukuponda buleki kuti madisiki aume. Ngati iima nthawi yaitali, ikani pamthunzi pouma ndi pamalo osatsetsereka, muisiye m'giya ndi kutchinga mateyala ndi miyala m'malo mokoka handibuleki, chifukwa imatha kumatirira. Kuiyendetsa kamodzi pa sabata kumathandizanso.