Thonje pamsana pa mbuna

Mbuna ya m'Nyanja ya Malawi ikagulitsidwa n'kukakhala m'thanki yagalasi ku London kapena ku Berlin, imapita ndi kukongola kwake, komanso ukali wake sutsala. Yaimuna iliyonse imalondera phanga lake m'miyala. Kunyanja, yogonja imathawira kutali, koma m'thanki mulibe kolowera. Imalumidwa, mamba amasupuka, chipsepse chimang'ambika, ndipo posakhalitsa pabalapo pamamera kanthu koyera konga thonje.

Chimenecho ndi chuku cha m'madzi chotchedwa Saprolegnia. Mbewu zake zimapezeka pafupifupi m'madzi alionse opanda mchere, koma nsomba yathanzi imatetezedwa ndi kuterera kwa khungu lake. Chukucho chimadikira bala, kuzizira kapena madzi onyansa. N'chifukwa chake woweta amene amathamangira mankhwala osafufuza chomwe chavulaza nsombayo amangotaya ndalama, pakuti mawa idzadwala ina.

Choyamba ndi kuyang'anitsitsa. Timadontho toyera tomwazikana thupi lonse si chuku, ndi tizilombo ta matenda a ich. Kuyera kwa kukamwa kapena pamsana kosatukuka kwenikweni, kopha nsomba m'masiku owerengeka, nthawi zambiri ndi bakiteriya wa Flavobacterium columnare, amene amafuna mankhwala ake ndipo amalusa madzi akatentha. Chuku chenicheni chimakhala ndi timaulusi toyandama, ndipo nsomba ikavuulidwa timaulusito timafota n'kumamatira pakhungu.

Yodwala isamutsidwire m'thanki yakeyake ya madzi oyera opanda klorini. Mchere wopanda zosakaniza, magalamu 1 mpaka 3 pa lita, wothiridwa pang'onopang'ono, umathandiza pamene matenda angoyamba kumene. Zikakula, pali methylene blue ndi malachite green, potsata muyezo wolembedwa pabotolo. Makala a m'sefa achotsedwe kaye chifukwa amayamwa mankhwala. Methylene blue asathiridwe m'thanki yaikulu, poti amapha mabakiteriya abwino amene amachotsa ammonia. Malachite green ndi woletsedwa m'mayiko ambiri pa nsomba zodya, choncho alibe malo padamu la chambo.

Kenako ntchito ibwerere kuthanki yaikulu ija. Mbuna zimafuna madzi ofunda, madigiri 24 mpaka 28, ndi pH yoyandikira 8. Gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo lisinthidwe sabata iliyonse, chakudya chotsala chichotsedwe, ndipo miyala ichuluke kuti yothamangitsidwa ipeze pobisala.

Nkhaniyi siithera m'galasi. M'chaka cha 2020 ku Mchinji kudabuka matenda a zilonda a EUS, oyambitsidwa ndi Aphanomyces invadans, wa gulu limodzi ndi Saprolegnia, ndipo alimi adaluza nsomba m'madamu awo. Matenda oterewa amayenda ndi madzi, maukonde ndi nsomba zodwala. Woweta aliyense akwirire nsomba yakufa m'dothi, ndipo madzi a m'thanki ya yodwala asawatayire m'ngalande yopita kumtsinje.