Kaweruzidwe ka Zithunzi Zojambulidwa Usiku

Wophunzira akapatsidwa chithunzi cha msewu wa mumzinda chojambulidwa usiku pa filimu, kawirikawiri amafulumira kugamula kuti chada, sichikuoneka bwino, kapena chadzala timadontho tonga mchenga. Maso amene adazolowera zithunzi za pafoni, zimene makina amaziwalitsa okha, amaona zonsezi ngati zolakwa. Chigamulo chotere n'chosakwanira, ndipo mphunzitsi wochivomereza akuphunzitsa ana kunyoza ntchito asanaimvetse.

Vuto lalikulu la wojambula usiku ndi kuchepa kwa kuwala. Filimu imafuna muyeso wake wa kuwala, ndipo njira zoukwaniritsira ndi zinayi. Angathe kukulitsa kabowo ka lenzi, koma akatero zinthu zapafupi ndi zapatali sizioneka bwino zonse pamodzi. Angathe kusiya kamera chitsegukire kwa nthawi yaitali, koma chilichonse choyenda chimasanduka ngati mzukwa. Angathe kuonjeza kuwala ndi fulashi, kapena kusankha filimu yogwira kuwala msanga, imene timadontho take n'tokulirapo. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Paja akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Brassaï, amene buku lake Paris de nuit lidatuluka mu 1933, adasankha kudikira. Ankaimika kamera yake ya Voigtländer pa choimikira cha miyendo itatu, ndipo nthawi yotsegula kamerayo ankaiyeza ndi kupsa kwa ndudu. Nyali za mumsewu ankazibisa kuseri kwa mtengo kapena khoma kuti kuwala kwake kusasefukire pa chithunzi, ndipo ankakonda nkhungu ndi mvula chifukwa zimafewetsa kuwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. N'chifukwa chake misewu yambiri m'bukumo ili zii, popeza munthu wongodutsa sakhalitsa mokwanira kuti agwidwe pa chithunzi.

Weegee wa ku New York, mwini buku la Naked City la mu 1945, adatsata njira ina. Iye anali wojambulira nyuzipepala, wothamangira ngozi, moto ndi milandu, choncho analibe mpata wodikira. Ankagwiritsa ntchito kamera ya Speed Graphic ndi fulashi, kabowo atakachepetsa kufika pa f/16. Zotsatira zake zinali nkhope zowala mbee, kumbuyo kwake kuli bii. Wodandaula kuti za kumbuyo sizikuoneka waiwala kuti kuwala kwa fulashi kumatha msanga: mtunda ukawirikiza kawiri, kumangotsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Mu 1954 kampani ya Kodak idatulutsa filimu ya Tri-X ya makamera aang'ono a 35mm, imene kuyambira 1960 inkalembedwa kuti 400 ASA. Apa mpamene ambiri adayamba kuyenda usiku kamera ili m'manja, opanda choimikira ngakhale fulashi. Ena ankaijambula ngati ya 1600 ASA, n'kuitalikitsira nthawi m'mankhwala poitsuka. Komatu mankhwala sangatulutse chimene kuwala sikudalembe. Malo owala amawalirawalira, timadontho timakula, pamene malo amdima amakhalabe opanda kanthu. Ku Tokyo, Daido Moriyama ndi anzake a magazini ya Provoke, imene idayamba mu 1968, adalandira dala zithunzi zokhakhala ndi zogwedezeka pofuna kuonetsa chipwirikiti cha mzinda wawo.

Palinso misampha iwiri imene woweruza ayenera kuidziwa. Woyamba ndi wa mita yoyezera kuwala, imene idapangidwa kuti iziyesa chilichonse ngati chotuwa chapakatikati. Ikamveredwa mwachimbulimbuli, usiku umatuluka ngati madzulo a mitambo. Wachiwiri ndi wakuti filimu imafooka nthawi ikapitirira sekondi imodzi. Malangizo a Kodak a Tri-X amati pamene mita yanena masekondi 10, wojambula apereke 50.

Tsono pamene chithunzi cha usiku chaikidwa pa tebulo m'kalasi, mafunso oyenera ndi awa. Kodi kuwala kudachokera kuti? Kodi wojambula adasiya chiyani kuti apeze chiyani? Kodi chinthu chimene iye adafuna kuti chionedwe chaoneka? Ngati nkhope ya wogulitsa pansi pa nyali ikuwerengeka, mdima womuzungulira wagwira ntchito yake. Koma ngati chithunzi chonse chagwedezeka popanda chimene kugwedezekako kukufotokoza, kapena nyali yameza nkhope imene inali mutu wa nkhani, pamenepo mpoyenera kudzudzula mosapsatira. Dzina la Moriyama lisakhale pobisalira aliyense wa dzanja lonjenjemera.

Phunziroli likupitirira malire a luso la kujambula. Mwana wozolowera kufunsa zimene mmisiri adali nazo m'manja asanagamule za ntchito yake adzachita chimodzimodzi powerenga nthano, poona sewero ngakhale pomva mlandu. Aphunzitsi angachite bwino kuika chithunzi cha Brassaï pafupi ndi cha Weegee, n'kupempha ana kuti afotokoze chifukwa chake mdima wa awiriwa ukusiyana.