Nsomba yanga sinali kudwala, inali kusowa mpata

Inu amene mumakwerera pa Kulima Tower kapena pa City Market nthawi yoweruka, mudziwa zimene zimacitika basi ikabwera imodzi anthu ali maningi. Amphamvu alowa, ena aponyeratu cola pa windo kuti agwire mpando, ndipo amai acikulire amene anafika poyamba atsala panja. Lero ndifuna kukamba za nsomba, koma sungani cithunzi cimeneco, cifukwa ine ndinacipeza m'nyumba mwanga, mkati mwa thanki yagalasi.

Ndikhala ku Chilenje pa renti, ndipo alandilodi salola galu kapena mphaka. Ndiye mu February ndinagula thanki ya nsomba zokongoletsa nyumba, ija ambiri amati aquarium. Ndinayamba ndi mbuna zisanu ndi imodzi, nsomba zija zacikasu ndi zabuluu zocokera ku nyanja ya Malawi. Patapita mwezi, mu shopu ina ndinaona kansomba kakuda ka madontho oyera, kopyapyala ngati kapondedwa ndi tayala, kamwa yaikulu. Mtengo wake unali kulingana ndi thumba la unga wa bulekifasi. Ndinafunsa funso limodzi cabe: "Kazankhala bwino na zinzake?" Wogulitsa anati: "Ba boss, nsomba ni nsomba. Kazajaila cabe."

Sikanajaile. M'mawa uliwonse ndisanathamangire basi, ndinali kuwaza cakudya pamwamba pa madzi. Mbuna zinali kufika ngati ma ngwangwazi aona munthu wa katundu, ndipo m'kanthawi kocepa zonse zatha. Kansomba kaja kanali kutulutsa mutu kuseri kwa mwala, kuyang'ana, kusendera pang'ono, koma pamene kafuna kutsegula kamwa, palibe cotsala. Ndinacita zimene ambiri timacita: ndinaonjeza cakudya. Mbuna zinanenepa, madzi anayamba kuda ndi kununkha, ndipo pofika sabata yacitatu kamimba ka mlendo wanga kanali katalowa mkati.

Poyamba ndinati mwina kadwala, mwina ananigulitsa cabodza. Koma nchito yathu ya utolankhani imatiphunzitsa kufunsa tisanaweruze, ndiye ndinayamba kuwerenga ndi kufunsa anthu amene asunga nsomba kwa zaka. Zimene ndinapeza zinandicititsa manyazi.

Dzina la nsomba imeneyi ndi Altolamprologus calvus, ndipo kwao ndi kuno kwathu. Imapezeka m'nyanja ya Tanganyika cabe, m'miyala ya kugombe la Zambia ndi Congo, kumalo monga Cape Chaitika, kumadzulo kwa Mpulungu. Katswiri wa nsomba wa ku Belgium, Max Poll, ndiye anaipatsa dzina mu 1978. Liwu lakuti calvus m'Cilatini litanthauza wadazi, cifukwa pamphumi pake pali malo opanda mamba. Kucokera tsiku limenelo ine ndinayamba kumuitana kuti Cidazi.

Cidazi ndi mlenje. Thupi lake lopyapyala lija limamulola kulowa m'ming'alu ya miyala, mmene amagwira tiana ta nsomba zina ndi tizilombo tating'ono ta m'madzi. Mlenje wotere sathamanga. Amayandikira mwakacetecete, kuima, kuyang'anitsitsa, kenako kumeza kamodzi. Ngakhale kukula kwake ndi kwa pang'onopang'ono. Mbuna ndi mtundu wina: kunyanja kwao zambiri zimakhalira kupala ndere pa miyala tsiku lonse, ndi zothamanga, ndiponso zokonda ndewu pa nkhani ya malo. Matumbo awo ndi ataliatali, oyenera zamasamba, ndipo osunga nsomba amacenjeza kuti cakudya canyama cikaculuka zimatupa mimba, matenda amene amati Malawi bloat. Manje onani vuto: cakudya ca mbuna sicikwanira Cidazi, ndipo cakudya ca Cidazi cingadwalitse mbuna. Ine ndinali nditawaika pa mbale imodzi.

Zimene ndinacita ndi izi, mwina zingathandize wina. Coyamba ndinaonjeza miyala, yotsuka bwino popanda sopo, ndi kumanga timapanga kukona imodzi ya thanki, kuti akhale ndi pobisala pamene mbuna sizipita kawirikawiri. Nsomba ya mantha siidya. Caciwiri ndinasintha nthawi. Ndinasiya kumudyetsa m'mawa ndili pa cangu, ndinayamba madzulo, laiti ya thanki itazima, m'cipinda muli kuwala kocepa.

Cacitatu ndiye cinali cacikulu: kudyetsa mbali ziwiri. Ndinagula sirinji ku famasi, yopanda singano, ndi kuilumikiza ku kapaipi ka pulasitiki kaja ka pampu ya mpweya. Ndinali kuyamba kuwaza cakudya ca mbuna pamwamba kukona ya kumanja. Zikaunjikana kumeneko, ndinali kutsitsa kapaipi kukona ya kumanzere mpaka pakhomo pa phanga la Cidazi, ndi kutulutsa cakudya cake pang'onopang'ono. Cakudyaco cinali nyongolotsi zoduladula zocokera m'dothi lopanda mankhwala, kapena tizidutswa ta kapenta yaiwisi. Ndati yaiwisi. Kapenta youma ija timagula ku Soweto nthawi zambiri imakhala ndi mcere, ndi ya pa nsima, osati ya m'thanki. Tizidutswa tiwiri kapena titatu takwana, ndipo cimene catsala cicotseni pakapita mphindi zocepa, cifukwa nyama ikawola imaononga madzi msanga.

Cothera ndi kukhala cete. Osagogoda pa galasi, osayendayenda patsogolo pa thanki. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku atatu Cidazi anali kungoyang'ana kapaipi ngati kamunyoza. Tsiku lacinai anatuluka, anaima, ndipo kadutswa ka nyongolotsi kanasowa. Ndinafuna kukuwa, koma ndinadzigwira.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu ena anandilangiza zimene ndikana. Wina anati ndizikatola tinsomba tamoyo m'mifolo ndi m'madamu. Iyayi, kumeneko ndi kuitana matenda m'thanki. Wina anati ndiike ndowa ya madzi kuseri kwa nyumba kuti ndizipeza mphutsi za udzudzu. Zoona nsomba zimazikonda, koma kuweta udzudzu mu komboni, pamene malungo akali kupha anthu m'dziko muno, ndi kulakwira aneba.

Manje ndikuuzeni zoona zake, cifukwa nkhani siinathere pa kapaipi. Mbuna si zopusa. Pasanathe masabata awiri zinadziwa kuti zokoma zimacokera kumanzere, ndipo zikaona cabe dzanja langa zinali kusiya cakudya cawo. Komanso ine ndine mtolankhani, masiku ena ndifika kunyumba usiku, nditakhala mu jamu pa Kafue Roundabout. Njira imene ifuna kuti munthu akhale theka la ola pa thanki tsiku lililonse si njira yokhalitsa. Pamapeto pake mbuna zonse ndinapatsa mnzanga wa kunchito amene ali ndi thanki yaikulu. Zinandiwawa, ndalama zinapita, ndipo thanki inaoneka ngati yopanda kanthu. Koma pano Cidazi amatuluka masana, mimba inadzaza, ndipo anaphunzira kudya ngakhale cakudya ca m'shopu cija comira pansi.

Ndidziwa kuti wina amene awerenga izi ali pa mpando wa kumbuyo, maondo atagunda citsulo, anena kuti: "Anthu tivutika kugula unga, uyu alilira nsomba?" Ndimumvetsa. Palibe amene akakamizidwa kusunga nsomba, ndipo amene alibe ndalama yake asayambe. Koma amene wasankha kuika camoyo m'galasi wacilanda njira zina zonse. Ku Tanganyika, Cidazi akapanikizidwa asamukira pa mwala wina. M'thanki ya mita imodzi alibe kopita, ayembekeza inu cabe. Ndiponso nsomba za m'nyanja imeneyi zimagulitsidwa mpaka ku Ulaya, kumene anthu amazilemekeza ndi kudziwa maina ake. Si zabwino kuti ife eni ake tizizipha ndi njala cifukwa ca kusadziwa.

Kwa ogulitsa, pempho langa ndi lakuti muzinena zoona. "Kazajaila" si yankho. Lembani dzina la nsomba pa galasi, cimene imadya, ndi nsomba zimene ingakhale nazo. Kasitoma amene nsomba yake yafa pakapita mwezi sabweranso, ndipo auza anzake. Kwa ogula, mlandu ndi wathunso. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya. Musanatulutse ndalama funsani zitatu: idya ciani, idya bwanji, ikhala ndi ndani. Pemphani kuti aidyetse inu mukuona. Ngati wogulitsa akana kapena sadziwa, bwezani cikwama m'thumba.

Amai anga analibe aquarium, koma nkhaniyi anali kuidziwa. Kwathu tinali kudya pa mbale imodzi, ndipo mng'ono wanga anali wodya mocedwa. Amai sanali kuonjeza ndiyo m'mbale ya tonse, cifukwa anadziwa kuti zizathera kwa ife othamanga. Anali kumupatulira zake pambali. Ngati muli ndi thanki kunyumba, madzulo ano mukathira cakudya musacoke. Khalani pansi mphindi zisanu, muwerenge nsomba imodzi imodzi, muone imene yadyadi ndi imene yangoyang'ana.